Chikhomo cha ku Nansato

Oyeza dziko anatulukira cha ku Lisungwi mwezi wa Okutobala, udzu wa m'mapiri a Neno utapsa kale ndi moto wa osaka mbewa. Panali mzungu mmodzi wofiira m'khosi, kapitawo wake dzina lake Herbert, ndi amuna onyamula katundu: makina a miyendo itatu okhala ndi galasi pamwamba, ndodo zazitali zolembedwa manambala, ndi matumba a simenti. Kayendedwe kawo kanali ka anthu operekeza maliro. Wina aimika ndodo, mzungu asuzumira pagalasi, Herbert alemba, onse anyamuka, kutsogolo pang'ono aimanso. Dzuwa limalowa atangoyenda mtunda woti munthu wopita kumunda sangautchule kuti ulendo.

Lasabata, mapemphero atatha, akulu a mpingo anamulola Herbert kuti alankhule panja pa tchalitchi. Anavula chipewa n'kuyamba ndi Chinyanja chake chosalala cha ku Zomba.

"Abale anga, musaope. Boma lalandira ndalama zochokera kutsidya kwa nyanja, zoti tiyezere msinkhu wa nthaka ya Nyasalande yense, kuyambira ku Karonga mpaka kumunsi kwa Shire. Tikupita tikumanga tizipilala ta simenti, pamwamba pake kamutu ka mkuwa. Pakadzapita zaka, ena adzabwera kudzayezanso pa timitu tomweto, aone ngati dziko likutitimira kapena likukwera. Basi. Sitikulanda munda wa munthu."

"Nanga mukadzapeza kuti likutitimira," anafunsa mkulu wina wopanda mano, "mudzalikoka ndi luzi?"

Anthu anaseka. Mailesi sanaseke. Anaima kumbuyo kwa amayi anzake, manja atawapinda pamimba, mtima ukuwira. Ndalama zoyezera mapiri zilipo, eti. Chaka cha njala chija, amayi ake atagwa panjira ya ku Mwanza akupita kosuma, panalibe anabwera ndi galasi kudzaona mmene anthu ankatitimirira. Mwezi wa Juni chaka chomwechi, iye akuvutika m'chikuta usana ndi usiku, wodziwa za chipatala anali kuseri kwa mapiri, njira yake yoti machila sangadutse. Koma phiri, loti silinadandaulepo kwa munthu, alipezera ndalama.

Ndipo mawu akuti sitikulanda ankawakhulupirira ndani? Aliyense anali ndi mbale wake ku Thyolo kapena ku Magomero amene anabadwira pamudzi pa makolo ake n'kukula akumva kuti pamenepo ndi pamalo a mzungu. Anthu ankati zimayamba ndi mwala wobzalidwa pansi. Nkhani ya chitaganya, yoti dziko lino aliphatikize ndi maiko olamulidwa ndi azungu a kumwera, nayo inali m'kamwa mwa aliyense.

Mwamuna wa Mailesi, Laimoni, anali mkamwini wochokera ku Chifunga. Anali munthu wofatsa, wamphamvu pa khasu, koma pamudzipo ankayendabe ngati mlendo woopa kuponda pamene sanauzidwe. Oyeza dziko atafuna anthu okumba maenje, iye analembedwa. Tsoka lake, chikhomo choyamba chosonyeza pomanga chipilala mzungu anachikhoma pakati penipeni pa munda wa Mailesi, munda umene amayi ake anamusiyira. Amalume ake a Mailesi, a Gerishon, anabwera pakhomo tsiku lomwelo, osakhala n'komwe pansi.

"Inu a Laimoni, munabwera kuno kudzakwatira kapena kudzapereka minda yathu kwa azungu? Mwala umenewo ukangobzalidwa m'munda muja, mupinde mphasa yanu, njira ya ku Chifunga mukuidziwa."

Laimoni anangoweramitsa mutu, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Lachiwiri madzulo anabwera kunyumba akuimba mluzu. Mailesi anali pakhonde akusenda nandolo m'lichero, ndipo anadabwa, chifukwa mluzu wa mwamunayo anali asanaumve chiyambire nyengo yozizira.

"Mayi, munda wapulumuka," anatero Laimoni akutsamiritsa piki kukhoma. "Ndamugwadira bwana. Ndati bwana, pano tilima, makasu adzagunda chipilala chanu, mbuzi zidzakhulapo. Ndikuonetsani malo oti sapalima munthu. Ndiye wanditsatira."

"Mwamuonetsa kuti?"

"Ku Nansato, kumtunda kwa pamene mumatunga madzi. Pali mkuyu uja, pali chulu. Pakati pakepo. Chibwerere ine pamudzi pano sindinaonepo khasu pamenepo, ndi minga yokhayokha."

Nandolo inagwa m'manja mwa Mailesi n'kugubudukira pansi. Nkhuku zinathamangira.

"Bwana wakondwa kwabasi," Laimoni anapitiriza, osaona kanthu. "Watenga chitsulo chake chachitali chija, wazika pansi. Changolowa mkono umodzi, gwa, thanthwe. Akuti malo otere ndi amene amafuna, osasuntha. Wakhoma chikhomo, wajambula papepala, wanyamuka kupita ku Matope kukaona anzake oyeza mtsinje. Mawa m'mawa tikumba mpaka pathanthwe, tithira simenti. Wokumba ndine ndemwe."

"Chitsulocho anazika pati?"

"Pafupi ndi chikhomo. Bwanji?"

"Pamenepo si pabwino."

"Chifukwa?"

"Madzi amasefukira dzinja."

"Sangafike, ndi pamtunda. Ndaona ndekha pamene pamalekeza zinyalala za madzi."

"Pali njoka."

Laimoni anaseka. "Njoka ndi piki wamkulu ndani? Koma mayi, ndimati mundithokoza. Amalume anu atseke pakamwa tsopano."

Mailesi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anaima mumdima wa m'katimo atagwira mzati.

Mwana wake woyamba anabadwa mwezi wa Juni, wathunthu, watsitsi lakuda bii, koma sanalire. Azamba anali amayi ake aakulu a Mailesi, a Jessie, mkulu wawo wa amayi ake omubereka. Anamupukusa mwanayo, anamuuzira m'mphuno, anaomba mbale pafupi ndi khutu lake, koma zii. Kenaka anamukulunga m'kansalu n'kunena mawu amene amanenedwa: uyu ndi mtayo, sanafike. Maliro a mtayo ndi a amayi okhaokha. Salira, saimba, sakhoma bokosi, saitana mkulu wa mpingo. Amayi achikulire amamutenga kusanache bwino, amakumba kadzenje kosaya, chifukwa amati mukazika kwambiri mwazikanso mimba ya mayiyo, sadzaberekanso. Pamwamba amakokerapo minga, fisi asafukule. Mwamuna sauzidwa malo ake, safunsa, ndipo mkazi amene angamuuze ndiye kuti wadzitsekera yekha njira ya ana. Laimoni anangouzidwa kuti ulendo unali wopanda katundu, ndipo anapita kukakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuwa kulowa.

Ngakhale Mailesi sankayenera kupadziwa. Koma atatuluka m'chikuta, tsiku loyamba kupita kumadzi, anaona minga yaiwisi itaunjikidwa pakati pa mkuyu ndi chulu, dothi lofiira likuonekera pansi pake. Mawere ake, amene anali akadali olemera, anayamba kudontha pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ankadzera njira yakumtunda, yotalika, kuti azingodutsa pafupi. Sankaima. Ankangochepetsa liwiro, n'kunena mumtima kuti ndadutsa, mwanawe.

Ndiye pamenepo ndi pamene mwamuna wake anakhometsa chikhomo cha boma.

Mailesi anafunda nsalu n'kupita kwa a Jessie dzuwa lisanalowe. Anawapeza akukonola chimanga kuseri kwa nyumba, buku la nyimbo lili pamphasa, chifukwa anali atangochokera ku msonkhano wa amayi a mpingo.

"Ndamva kale," anatero a Jessie asanapatsidwe moni. "Khala pansi."

"Mwamva, ndiye mwangokhala?"

"Ufuna nditani? Ndipite pakati pa amuna ndikatsegule pakamwa? Iwe Mailesi, pamalo amene aja si pako wekha. Anga awiri ali pomwe paja, cha kuchulu. A amayi ako mmodzi. Wandionapo ine ndikulira?"

"Anuwo ndi akale, anasanduka dothi. Wanga ndi wa Juni."

"Tsitsa mawu." A Jessie anayang'ana uku ndi uku. "Mvera, mwana wanga. Uja sanali munthu. Anali madzi chabe, anangodutsa."

"Madzi amakhala ndi zikhadabo? Ndinaziona ine, mayi. Munkamukulunga, kadzanja kanatuluka m'nsalu."

A Jessie anaika musi pansi. Kwa kanthawi nkhope yawo inafewa, kenaka inaumanso.

"Ukalankhula, mimba yako yatseka. Ndaziona zimenezi, si nthano. Ndiye mwamuna wakoyo adzakhala chaka chimodzi, ziwiri, n'kubwerera kwawo kukakwatira wobereka. Akulu a mpingo nawo adzayamba mafunso awo, kuti bwanji Akhristu mukuika anthu kuthengo opanda pemphero, ngati kuti iwo sanabadwe mwa akazi. Ndiponso chikhomo chikachoka paja chibwerera kuti? M'munda mwa amayi ako. Udya chiyani? A Gerishon uwauza chiyani?"

"Ndiye akumbe?"

"Tinthu take n'tating'ono, tofewa. Amuna sadzazindikira. Adzayesa mizu."

"Wokumba ndi bambo ake."

"Iye sakudziwa. Wosadziwa sachimwa. Iwe ungotseka pakamwa mawa lokha, mkuja zatha, pamwamba pali simenti, ndipo fisi sadzafikaponso. Mulungu adzakupatsa wina."

Mailesi anadzuka osatsanzika. A Jessie anamuitana kawiri, iye osacheuka.

Usiku umenewo Mailesi tulo sanatione. Kutacha Laimoni anadya mbatata yozizira, anatenga piki ndi fosholo, nanena kuti abwera masana. Mailesi anasesa pabwalo posesa kale. Anatsegulira nkhuku. Anadziuza kuti sapita kumadzi lero, mumtsuko mukadali madzi. Kenaka anapeza kuti wawakhuthulira pa mpanda wa mphonda, mtsuko uli pamutu, miyendo ikutsetsereka njira ya ku Nansato.

Ali patali anamva amuna akuseka. Atayandikira anamva china: khu, khu. Piki inali itayamba.

Minga anali ataikokera pambali. Udzu anali ataupala, malo oyera ngati pogona mphasa, chikhomo chopaka utoto woyera chili pakati. Matumba awiri a simenti anali pansi pa mkuyu, amuna ena akuswa miyala, wina akutunga madzi m'ndowa. Herbert anakhala pamuzu akusongola pensulo. Laimoni anali atavula malaya, ndipo cha kumbali ya chikhomo anali atatema kale kangapo, zibuma zofiira zitagadabuka. Anakwezanso piki.

Mailesi sanadziwe mmene mtsuko unatsikira pamutu. Anangopezeka wadutsa pakati pa amunawo, wakhala pansi pamalo otemedwawo, miyendo atatambasula, manja atawatsamiritsa padothi. Piki inaima m'mwamba.

"Iii, a Laimoni," anatero mmodzi wa oswa miyala, "kodi simunatsanzike bwino kunyumba? Mlamu wakulondolani mpaka kuntchito!"

"Mwina usiku anagona ngati chipika," anawonjezera wina. "Wabwera kudzatenga zotsala."

Onse anafa nacho chiseko. Laimoni anamwetulira mwamanyazi, natsitsa piki.

"Mayi, mwatani? Dzukani, anthu akugwira ntchito."

Mailesi anakanikiza zikhatho padothi, maso ali pansi.

Herbert anabwera, chipewa chili m'manja. "Pepani mayi, muli bwanji? Tikupemphani musunthe pang'ono, mthunzi uli apo. Simenti ikufunika ithiridwe dzuwa lisanakwere."

"Sindisuntha."

"Pali chimene takulakwirani?"

"Kakumbeni kwina."

"Kwina kuti, mayi? Munda wanu tausiya, amuna anu omwewa anatipempha. Kuno ndi kuthengo, kopanda mwini."

"Kuli mwini."

Chiseko chinayamba kuzirala. Kumunsi, podutsira madzi, amayi amene ankachapa anali ataimirira. A Jessie anali pakati pawo, mtsuko uli m'chiuno, ndipo Mailesi atakweza maso anawaona akupukusa mutu pang'onopang'ono, chala chili pamilomo.

Laimoni anagwada pafupi naye n'kulankhula motsitsa, mano atalumana. "Mukundichititsa manyazi. Amalume anu anandinyoza pamaso pa ana a m'mudzi, ndapirira. Ndagwadira mzungu chifukwa cha munda wanu. Lero mukufuna anzangawa akanene kuti Laimoni amalamulidwa ndi mkazi ngakhale pantchito ya boma? Dzukani."

"Sindidzuka."

"Mwalodzedwa kodi?"

Anamugwira pamkono n'kukoka. Sanali munthu womenya, ndipo chikwatirane anali asanamugwirepo choncho, koma mphamvu za khasu zinali m'dzanjamo. Mailesi anakhwekhwerezeka pang'ono, zala zake zikukanda dothi. Laimoni anamusiya pambali, natola piki mwaukali, kuti athane nazo msanga anthu asanaonjezere kuseka. Anaponda pamalo paja ndi phazi lamanzere, nakweza chitsulo pamwamba pa mutu.

"Muli mwana wanu mmenemo!"

Mawuwo anatuluka aakulu kuposa mmene iye ankafunira. Anawoloka mtsinje, anakagunda phiri la kutsidya. Kumunsi kuja mayi wina anati mayo, n'kugwira pakamwa.

Laimoni anaima choncho, manja ali m'mwamba, ngati munthu woumbidwa ndi dongo. Kenaka piki inatsika yokha pang'onopang'ono, n'kugwera kumbuyo kwake.

"Mwati chiyani?"

"Mwana wathu wa Juni. Ali pansi pa phazi lanulo. Sanamuzike kwambiri."

Laimoni anayang'ana phazi lake. Analichotsa ngati waponda khala la moto, nabwerera chafutambuyo mpaka anagunda chulu. Oswa miyala anali atasiya nyundo. Mmodzi, wachikulire, anatembenuka n'kuyang'ana kumbali, chifukwa ankadziwa kuti awa ndi malo oti mwamuna sayenera kuwaona. Wa ndowa uja anaiika pansi mosamala, osafuna kuti ilire.

Herbert ankangotembenuza chipewa m'manja.

"Mayi," anatero potsiriza, mawu ake atasiya kusalala kuja, "ine kwathu ndi ku Domasi, zimenezi ndikuzidziwa. Mukanatuma mayi wachikulire kudzandinong'oneza."

"Ndinapita kwa achikulire. Anati mudzayesa mizu."

Herbert anayandikira. "Tamverani tsono, ndikuuzeni zoona zokhazokha. Bwana ali ku Matope, abwera sabata yamawa. Malo amene anazikapo chitsulo chake n'kuvomereza ndi awiri: pano ndi m'munda mwanu. Ine ndilibe mphamvu yosankha achitatu. Ndikamanga pena, adzagumula, ine andichotsa, abweretsa kapitawo wina ndi anthu a kutali osadziwa kanthu, adzakumba pomwe pano pamene pali papepala. Ndikamuuza kuti pano pali manda, adzafunsa mtanda uli kuti, mfumu ikudziwa bwanji, ndipo nkhani ya amayi idzakambidwa pabwalo, mwina mpaka ku boma. Koma ndikamanga m'munda, ndidzangoti pano thanthwe linali losweka, tabwerera pamalo oyamba. Sadzafunsa zambiri."

"Ndiye kuti ndalama zonse zija zochokera kutsidya kwa nyanja," anatero Mailesi, "sizingagule malo achitatu?"

"Sizifika m'manja mwanga, mayi. Ine ndimangonyamula pensulo."

"Chipilalacho chikakhala m'munda, munda udzalandidwa?"

"Ine ndinauzidwa kuti ayi. Mudzangosiya kulima mozungulira, malo ngati a nkhokwe. Koma za mawa za azungu sindingakulumbirireni. Sandiuza."

Mailesi anayang'ana kumtunda, kumene munda wa amayi ake unkaonekera paphewa pa phiri, mizere yake itaungidwa kale kudikira mvula. Munda umenewo ndi umene unawabweza ku imfa chaka chotsatira njala. Nthaka yake yakuda inali yosowa m'dera lonselo, ndipo pakati pake, pamene panali chikhomo choyamba, ndi pamene pankabereka maungu oti mwana sanganyamule.

"Kakumbeni m'munda."

"Mayi," Laimoni analankhula ali kuchulu kuja, mawu akuthothoka, "amalume anu anena kale. Andithamangitsa."

"Munda ndi wa amayi anga, si wa amalume. Akabwera ndiyankha ndine. Akakuthamangitsani, athamangitse awiri."

Herbert anawerama n'kugwedeza chikhomo uku ndi uku mpaka chinazuka. Anachita mofatsa, ngati akuchotsa munga m'phazi la mwana. Anakodola anthu ake. Amunawo anasenza simenti, nyundo ndi ndowa, n'kuyamba kukwera phiri mwakachetechete, aliyense akulambalala patali ndi malo opalidwawo.

Laimoni anatsala. Anayandikira, koma anaima m'mphepete mwa udzu, osaponda padothi loyera. Anagwada pamenepo. Ankayang'ana zibuma zimene anagadabuza yekha, manja ake aakulu ali pamawondo.

"Ndamufika?"

Mailesi anakwawa n'kusuzumira. Anapatula dothi ndi zala. Pansi pa pamene piki inalekeza panali dothi lokhalokha.

"Simunamufike."

Laimoni anatulutsa mpweya wautali, wosweka pakati. Anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Anali wamwamuna?"

"Wamkazi."

"Wamkazi," anabwereza, ngati akulawa mawuwo. "Sanandiuze. Ndinkafuna kufunsa, koma ndinkaopa kukupwetekani, ndinkaopanso mwambo wa kuno. Ndimangoti mwina sanali wathunthu."

"Anali wathunthu. Mphumi yake inali yanu, yotakata."

Mwamunayo anagwira mphumi yake osadziwa kuti waigwira. Misozi inatsika n'kusakanikirana ndi fumbi la pachifuwa. Sanaibise.

"Tsiku lonse la dzulo ndinkayenda pamenepa," anatero. "Ndinkaseka. Ndinamugwirira bwana chitsulo chija."

"Simunkadziwa."

"Ndinu amene mwalipira kuti ndidziwe. Zimene amanena zija, za mimba..."

"Ndikuzidziwa."

"Zikadzachitika, ine sindipita ku Chifunga. Mumve lero."

Mawu otere amuna amanena, ndipo ena amawasunga. Mailesi analibe mphamvu yoti awayeze tsiku limenelo.

Kumtunda Herbert anaitana. Laimoni anadzuka, natola piki ndi fosholo. Anayenda mapazi angapo, nabwerera, n'kuika fosholo pafupi ndi mkazi wake kuti abwezerere dothi.

"Ayi," anatero Mailesi. "Chitsulo chakwana. Tengani."

Anaitenga n'kukwera phiri, msana uli wopindika.

Amayi a kumadzi aja anali atabalalika, ena osamaliza kuchapa, aliyense akuthamangira kukakhala woyamba kufotokoza. A Jessie okha ndi amene anakwera njira yakumtunda. Anafika n'kuima pansi pa mkuyu, akupuma mwabefu.

"Wachita zimene wachita," anatero. "Amuna asanu aona malo athu. Pofika madzulo mudzi wonse udziwa, a Gerishon adziwa, akulu a mpingo adziwa. Tidzaika kuti ana athu tsopano? Waganizako zimenezo?"

"Ayi."

"Ndipo usadzabwere kwa ine ukulira chaka chamawa kuti mwezi ukungodutsa."

"Sindidzabwera."

A Jessie anayang'ana cha kuchulu, pamene udzu unali wosapalidwa, ndipo anayang'anapo nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira udzu. Anatula mtsuko wawo, napita pamene amuna anataya minga ija, n'kuyamba kuikoka nthambi imodziimodzi, ikuwabaya m'manja.

Mailesi anatola chibuma choyamba n'kuchibwezera pamalo pake, mbali ya ziputu za udzu kumwamba. Anatola chachiwiri. Pamene panazuka chikhomo panatsala kabowo kozungulira, ndipo pafupi pake panali kena kakang'ono, kakuya, ka chitsulo cha mzungu. Anafumbata dothi lofewa, nalipera m'zikhatho kuti musakhale mwala, n'kumalithira m'kabowomo pang'onopang'ono mpaka kanadzaza. Anatsendera ndi chikhatho, osalimbitsa.

Kuchokera paphewa pa phiri, m'munda mwa amayi ake, piki inayamba kulira.